Chingwe changa choyanikira zovala chimapuma mwezi wa Juni

Loweruka limenelo ndinachapa katatu. Kunali kumayambiriro kwa Juni 2023, ndipo dzuwa la ku Manchester, lija limangosuzumira n'kubwerera ngati mkamwini woopa apongozi, linatuluka lonse lathunthu. Ndinali pa ofu. Pofika 7 koloko m'mawa ndinali nditavula kale mabedi onse, mawindo ali chitsegukire, makatani akuvina ndi kamphepo. Mabedishiti, mapilokesi, duveti ya mwana, ngakhale kachidole kake kaubweya komwe amagona nako, zonse ndinazikoloweka pachingwe kuseri kwa nyumba. Kupitirira mpanda wathu wa matabwa kuli bwalo lalikulu, ndipo chaka chimenecho eni ake analisiya osatchetcha, moti udzu unali utafika m'maondo, utamasula ngayaye zake.

Madzulo ndikuanula, ndinakwirira nkhope mu bedishiti n'kukoka mpweya. Wokulira kwathu aliyense akulidziwa fungo limenelo, fungo la nsalu yomwe yamwa dzuwa tsiku lonse. Ndinajambula chingwe changa n'kutumizira amayi ku Balaka pa WhatsApp, ndi mawu akuti: “Onani, kuno nakonso dzuwa liliko.” Ndinayala mabedi ndili ndi mtima wa mayi amene wagwira ntchito yooneka.

## Likhweru la pakati pa usiku

Mnyamata wanga anali ndi zaka 7. Kuyambira chakumapeto kwa Meyi ankangoyetsemula, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi motsatizana, maso ali psuu, mphuno akuipukuta ndi chikhatho chokweza m'mwamba mpaka panabwera kamzere pamwamba pake. Ife tinkati ndi chimfine. Ndinkamupatsa madzi a mandimu ndi uchi, kumupaka Vicks pachifuwa, n'kumamukalipira kuti asiye kutikita maso. Chimfine chanji chopanda malungo, chotha milungu itatu, chokula mwana akasewera panja? Funso limenelo sindinadzifunse.

Tsikulo madzulo kunagunda mabingu, mvula n'kuwaza pang'ono. Windo la kuchipinda kwake ndinalisiya lotsegula chifukwa m'nyumba munali ng'anjo. Bambo ake anali kuntchito ya usiku.

Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi kaphokoso ngati munthu akuimba likhweru chapansipansi. Ndinamupeza atakhala tsonga pabedi, manja atatsamira pamaondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Nditayatsa getsi ndinaona khungu la pakhosi, pakadzenje kaja ka pamwamba pa chifuwa, likulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Pakati pa nthiti chimodzimodzi. Anafuna kundiuza kanthu koma anangoti “Amama… ndi…” n'kulekera pomwepo.

Inhaler ya buluu, kachipangizo kopopera mankhwala otsegula chifuwa, tinali nayo, yomwe anatipatsa chifuwa chitamuthina nyengo yozizira. Ndinailumikiza ku botolo lake lija lopumiramo, manja akunjenjemera, n'kuchita monga anatiphunzitsira: kupopa kamodzi, apume, kudikira osapitirira mphindi imodzi, kupopanso, mpaka ka 10. Ndinkawerenga mokweza m'Chichewa, ngati kuti manambalawo ndi pemphero. Titafika pa 10 likhweru linali likadalipo. Ndinaimba 999, nambala yoitanira ambulansi kuno.

Za ambulansi ndi kuchipatala sindinena zambiri. Anamuveka chophimba kukamwa chotulutsa nthunzi ya mankhwala, n'kumupatsa ena akumwa, ndipo kutacha anali akupempha tiyi ndi buledi ngati munthu amene sanatiopseze.

## Funso lomwe ndinayankha monyadira

Tisanatuluke kunabwera namwino woona za mphumu, mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Anali ndi pepala la mafunso. Kunyumba kuli galu kapena mphaka? Ayi. Alipo amene amasuta? Ayi. Makoma amachita chinyezi? Ayi. Ndinkayankha chifuwa chili patsogolo, chifukwa pa nkhani ya ukhondo sindinkaopa munthu.

Kenako anafunsa kuti zofunda ndimayanika kuti.

“Panja, padzuwa,” ndinatero. “Dzulo lomweli ndachapa zonse, mpaka chidole chake.”

Anasiya kulemba. Sanandidzudzule, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Anangondifotokozera kuti nsalu yonyowa ikakhala panja tsiku lotentha la Juni, pafupi ndi bwalo la udzu, imakola mungu ngati ulimbo. Ikauma, munguwo umakhala momwemo. Ndiye mwana amene mungu umamuwenga akagona, mphuno ndi pakamwa zimakhala pa pilo imeneyo maola 9 kapena 10. Anawonjezera za windo lotsegula madzulo, nthawi yomwe mpweya ukuzizira ndipo mungu umene unakwera m'mwamba masana ukutsika. Anatchulanso mabingu aja. Anasamala kunena kuti palibe angaloze chinthu chimodzi kuti ndi chimenechi chokha. Koma ine m'makutu mwanga munatsala chimodzi: bedi lomwe ndinayala ndi manja anga, ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Anafunsanso za inhaler ya bulawuni, yoti azipopa tsiku lililonse ngakhale ali bwino. Apa mawu anga anachepa. Ndinali nditaisiya mu Epulo, poona kuti kuzizira kwatha ndipo mwana akuthamanga bwinobwino. Kwathu mankhwala timamwa tikadwala, tikachira timasiya. Iyi ntchito yake ndi kuziziritsa kutupa kwa njira za mpweya mwakachetechete, ndipo ukaisiya sudziwa tsiku lomwelo kuti walakwitsa.

## Mungu ndinkaudziwa kale

Chondipweteka n'chakuti mungu si chinthu chachilendo kwa ine. Amene analowapo m'munda wa chimanga mu Febuluwale, chitamasula, akudziwa kafumbi kachikasu kamene kamathothoka ku ngayaye n'kukudetsa mapewa ndi mpango. Kamagwera pa ndevu za chimanga kuti chibereke. Chimanga ndi mtundu wa udzu, ndipo sichidikira njuchi: chimangomwaza mungu wambirimbiri mumphepo, wina ukafike pomwe ukufunika. Udzu wa kuno umachita zomwezo, koma wake ndi wopepuka kwambiri, umauluka kutali, ndipo suoneka ndi maso.

Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi maluwa okongola a m'mayadi mwa anthu. Ayi ndithu. Duwa lowala limakopa njuchi, mungu wake ndi wolemera ndi womata. Oyambitsa mavuto ndi aja opanda maonekedwe, odalira mphepo. Kuno ku Britain amabwera mosinthana ngati magule a pa chinamwali: mitengo monga birch ndi oak kuyambira chakumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Meyi, udzu kuyambira pakati pa Meyi mpaka Julayi, kenako zitsamba zina mpaka Sepitembala. Anthu ambiri odwala hay fever, matenda oyetsemula ndi kuyabwa maso chifukwa cha mungu, amawengedwa ndi wa udzu, ndipo umafika pachimake kumayambiriro kwa Juni, n'kudzakweranso kumayambiriro kwa Julayi. A Met Office, omwe amalosera za nyengo, amaloseranso za mungu: wa udzu ukafika timbewu 50 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya amati wakwera, ukafika 150 amati wakwera kwambiri. Juni wa 2023 uja anadzalengeza kuti kunali kusanachitikepo Juni wotentha choncho m'dziko muno chiyambire kusunga kaundula. Ine ndiye ndinasankha mwezi umenewo kuyanika nyumba yonse panja.

Ndinaseka ndekha nditamva kuti munthu amene anatsimikizira kuti mungu ndiwo umayambitsa matendawa anali dokotala wa mumzinda uno womwe. Charles Blackley, yemwenso ankadwala hay fever, ankadziika mungu m'mphuno ndi pakhungu lokanda kuti aone chomwe chichitike, n'kumaulutsa makaiti okhala ndi timagalasi tomata kuti aone ngati mungu umafika m'mwamba. Anasindikiza zomwe anapeza mu 1873. Zaka 150 zenizeni usanafike usiku wathu uja, mtunda wokwera basi imodzi kuchokera pakhomo panga.

Za mabingu ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Chinyezi cha mkuntho chimaphulitsa timbewu ta mungu kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, mphepo n'kutitsitsira pansi. Kambewu kathunthu nthawi zambiri kamathera m'mphuno ndi m'maso, koma tizidutswato timalowa mpaka m'mapapo. Ku Melbourne, ku Australia, pa 21 Novembala 2016, mkuntho wotero unatumiza anthu masauzande kuchipatala usiku umodzi, ndipo anthu 10 anamwalira. Kuyambira pomwe ndinawerenga zimenezo, mabingu a m'chilimwe akagunda sindithamangira kuanula zovala. Ndimathamangira mawindo.

## Nkhondo yake ili pachitseko

Patapita miyezi anamuyeza pomubaya timadontho pamkono. Malo awiri anatupa ngati walumidwa ndi udzudzu: mungu wa udzu, ndi tinthata tosaoneka tomwe timakhala m'fumbi la m'matilesi ndi m'mapilo. Mdani mmodzi wochokera panja, wina wogona naye pabedi chaka chonse.

Wa panjayo alibe miyendo. Amalowa pawindo, kapena timamunyamula ife eni. Ndiye nyumba yathu inasintha malamulo kuyambira pakhonde. Nsapato zimathera pachitseko, zomwe kwa Mmalawi si nkhani. Yunifolomu ya kusukulu imavulidwira kubafa, osati kuchipinda chogona, n'kulowa m'basiketi yotseka. Kusamba kunachoka m'mawa kupita madzulo, ndi mutu womwe, chifukwa tsitsi lathuli, lopakidwanso mafuta, limasunga mungu bwino kwambiri, ndipo usiku wonse umapukutikira pa pilo. Inenso ndikachokera kuntchito sindimukumbatira ndisanasinthe, ndipo zingongo zanga zimagona mu mpango. Bambo ake anavuta kuzolowera, poti jekete lawo linali ndi malo ake pampando wa pabalaza kuyambira kalekale. Linasamuka.

Vaselini tinali naye kale, nyumba ya Mmalawi siisowa. Sindinkadziwa kuti a NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, amalangiza kupaka pang'ono m'mphepete mwa mphuno kuti mungu uzimatirira pamenepo usanalowe. Mwana amapita kusukulu mphuno ikunyezimira ngati ine ndili Sitandade 2.

Mawindo ndiwo anandivuta mumtima. Ndinakula ndikudziwa kuti nyumba yotseka mawindo m'mawa ndi ya munthu waulesi kapena ya maliro. Koma m'mawa ndi madzulo ndi pomwe mungu umachuluka. Masiku okwera, windo la kuchipinda kwake silitsegulidwa n'komwe; makatani amakhala otseka masana kuti chipinda chisatenthe, ndipo usiku timayatsa fani. Kwina konse ndimatsegula pang'ono kukagwa mvula yeniyeni, ija yogwa nthawi yaitali yotsuka mpweya, osati yowaza ndi mabingu.

Kenako tsache. Ndinabwera nalo kuchokera kumudzi m'sutikesi, amayi atalikulunga m'chitenje, ndipo ndinkasesera kapeti m'mawa uliwonse mpaka kumva kuti yayera. Tsiku lina dzuwa litalowa pawindo ndikusesa, ndinaima n'kuyang'ana. Fumbi lonse linali m'malere, likuyandama pa msinkhu wa mphuno ya mwana wa zaka 7. Sindinkachotsa kanthu, ndinkangolisamutsa. Mungu ndi zitosi za tinthata tija zimakhazikika pansi zikasiyidwa, ndipo chozidzutsa ndi tsache, kukung'untha bulangeti, ndi kupukuta ndi kansalu kouma. Pano ndimapukuta ndi kansalu konyowa, ndimakolopa, ndipo kapeti ndimaidutsa ndi huva yokhala ndi sefa ya HEPA, yogwira ngakhale fumbi losaoneka ndi maso, mwana ali kusukulu. Zofunda zake zimachapidwa sabata iliyonse pa madigiri 60, chifukwa madzi ofunda chabe sapha tinthata.

Makina oyeretsa mpweya tinagula, titakangana kaye za mtengo wake. Maganizo anga ndi awa: amathandiza m'chipinda chimodzi chotseka chitseko ndi windo, basi. Amagwira zomwe zikuuluka, koma zomwe zagona kale pa pilo ndi pa kapeti sazifikira. Mnzanga wina wa kutchalitchi anagula aakulu odula, n'kumayanikabe zofunda panja, mawindo ali chitsegukire. Ndinamuuza kuti akutunga madzi ndi dengu. Ndikanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, ndikanayamba ndi beseni ndi chikolopa.

Ndipo zonsezi sizilowa m'malo mwa mankhwala. Inhaler ya bulawuni inabwerera pafupi ndi mswachi wake, kuti tisaiwale. Piritoni amene tonse tinakulira, uja wogonetsa, tinamusiya. Amamwa cetirizine, yemwe samufooketsa m'kalasi, ndipo timayamba Meyi asanafike pakati, osadikira kuti maso afiire.

## Kuthawa mungu, kukumana ndi nguwi

Apa ndi pomwe malangizo osavuta aja amakhala ovuta. Kunena kuti “yanikani m'nyumba” n'kosavuta kwa munthu wa nyumba yaikulu. Yathu ndi ya lendi, yakale, ya njerwa zofiira, makoma ake ozizira. Chilimwe choyambacho ndinadzaza zovala pa zoyanikira zachitsulo pabalaza, pamasitepe, pazitseko, mawindo ali otseka. Zovala zochapa kamodzi zimatulutsa madzi pafupifupi malita 2 zikamauma, ndipo madziwo sapita kwina, amalowa mumpweya wa m'nyumba momwemo. Pofika Ogasiti, nditasuntha wadiropu, ndinapeza pakona pali timadontho takuda. Nguwi.

Mtima unagunda. Aliyense wokhala kuno akuidziwa nkhani ya Awaab Ishak, mwana wa zaka 2 wa ku Rochdale, pafupi pomwepa, amene anamwalira mu Disembala 2020, ndipo mu 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti chinamupha ndi kupuma nguwi za m'nyumba nthawi yaitali. Nguwi nazo zimamwaza timbewu tawo mumpweya, ndipo chinyezi chomwecho ndi chomwe tinthata timachikonda. Ndinali nditatsekera mdani mmodzi panja n'kuyamba kuweta awiri mkati.

Pano zovala zimauma kubafa, chitseko chotseka, fani yotulutsa mpweya ikuzungulira, pambali pali makina okoka chinyezi. M'mawa ndimakhuthula thanki yake n'kudabwa kuti madzi onsewo akanakhala m'makoma. Kachipangizo kakang'ono koyeza chinyezi kali pashelefu, ndipo ndimayesetsa kuti kasapitirire 50 kapena 60 peresenti. Maduveti ndimapita nawo kumalo ochapira olipira, komwe kuli makina aakulu oumitsa. Bilu ya magetsi imandiuza mwezi uliwonse kuti dzuwa linali laulere.

Zimauma, inde. Koma sizinunkhira kanthu. Zimangomveka sopo.

## Amayi anaseka

Ndinatenga milungu ndisanawauze amayi zonse. Ndinkaopa kuti anena kuti Ulaya wandisandutsa waulesi, woumitsa zovala kubafa ngati munthu wobisa matewera. Nditawafotokozera pa foni, za chingwe, za mawindo, za tsache, anakhala chete pang'ono, kenako anaseka.

“Iwe, kodi ine ndinkasesa m'nyumba osawaza madzi?”

Ndinakhala phee. Ndinawaona m'maganizo, m'mawa wa Okutobala, atanyamula kabeseni, akuwaza madzi ndi zala pansi ndi pabwalo asanagwire tsache, kuti fumbi ligone. Ndinkayesa ndi mwambo chabe, ngati kuomba m'manja polandira chinthu.

“Nanga matewera ako ndinkawasitiranji ndi simbi ya makala, mpaka timalaya tamkati? Unkayesa ndimafuna kuti uzioneka bwino ku tchalitchi? Mphutsi, mwana wanga. Chovala cha panja chimabwera ndi zake.”

Zoonadi. Ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi kapena pamthunzi, ndipo mwana akavala zosasita, mphutsi imalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Kwathu palibe mayi amene sadziwa zimenezi. Ine ndinabwera kuno ndi dzuwa, mphepo ndi tsache, koma kabeseni ka madzi ndi chifukwa chake ndinaziiwala ku Balaka.

“Ndiye mdzukulu wanga akupuma bwino?”

“Akupuma bwino, amayi. Kuyambira usiku uja sitinagonenso kuchipatala.”

“Basi. Nanga tsache lija?”

Ndinawauza kuti lilipo, likusesa pakhonde ndi kuseri, kukagwa mvula.

Mnyamatayo tsopano ndiye amayang'ana mapu a mungu pa foni yanga m'mawa uliwonse, asanadye phala. Akaona dera lathu lafiira amangoti, “Amama, lero kwafiira,” n'kukatenga yekha botolo la vaselini. Ine ndimaima pawindo la kukhitchini, lotseka, n'kumaona mabedishiti a aneba akuuluka padzuwa. Pachingwe changa pamakhala mapegi okhaokha ndi njiwa imodzi yonenepa yomwe yapasandutsa pake. Ndimaiuza kuti isazolowere, Sepitembala akatha ndikuchifuna.